Ola limodzi lija

Foni inalira Lamlungu madzulo, ndili pakhonde ku Beira, nditangomaliza kusita malaya a kuntchito. Anali mlongo wanga. Kwathu, kumpoto kwa boma la Chifunde, munthu akafuna kuimba foni amakwera pachulu chimene chili kuseri kwa khola la atsibweni, pakuti netiweki imagwira pokhapo. Choncho ndikaona nambala yake ndimadziwiratu kuti wasiya ntchito, wakwera chulu, ndipo nkhani imene wakwerera si yamasewera.

"Alongo, amayi sakudya. Lero ndi tsiku lachitatu. Phala tikuchita kuwamwetsa, nalonso akubweza."

Ndinafunsa za kuchipatala. Anati anapita nawo panjinga yamoto sabata yathayo, anawabaya jakisoni, anawapatsa mapiritsi, koma thupi likungofookerafookera. Anakhala chete pang'ono, ine ndikumva mphepo ikuwomba mufoni, kenaka anatsitsa mawu: "Akufunsa inu."

Ndinamuuza kuti asatsike pachulupo, ndiimbanso. Ndinatsegula intaneti pafoni yomweyo, ndinalemba Beira, ndinalemba Tete, yankho n'kubwera nthawi yomweyo: makilomita pafupifupi 430, ulendo wa ola limodzi pa ndege. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinaimbanso n'kunena mawu amene mpaka lero amandilira m'khutu: "Muwauze amayi asadandaule. Pa ndege ndi ola limodzi lokha."

Mlongo wanga anathokoza, anatsika pachulu, n'kupita nawo mawuwo m'nyumba mmene munagona amayi. Unali mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati.

Usiku umenewo njira zinalipo ziwiri. Basi ya ku Tete inkanyamuka m'bandakucha, cha m'ma 4 koloko, ndipo msewu wake ndimaudziwa ngati njira ya kumunda: Dondo, Nhamatanda, Inchope, Chimoio, kukhotera kumpoto cha ku Vanduzi, Catandica, Guro, kuwoloka mtsinje wa Luenha, Changara, kenaka Tete. Ndi makilomita pafupifupi 600, maola 10 kapena 12, mawondo atakanikizika kumpando wa kutsogolo, katundu wa anthu ali pamiyendo. Njira inayo inali ndege. Koma ndege yolunjika ku Tete sinali ya tsiku ndi tsiku, ndipo nditafufuza Lolemba m'mawa, mpando woyamba umene ndinaupeza unali wa Lachitatu masana.

Ndinayerekeza manambala awiri, maola 12 ndi ola limodzi, n'kusankha laling'onolo. Maola oposa 60 amene anali pakati pa Lamlungu usiku ndi Lachitatu masana sindinawaike m'chiwerengero, chifukwa ndinali ndisanayambe kuyenda, ndipo m'mutu mwanga kudikira sikunali ulendo. Zifukwa zina zinaliponso, ndipo ndizinena momwe zinalili. Ndinkafuna kuti masiku awiri a kuntchito asandidukire. Ndinkaopa kutopa kwa basi. Komanso mkati mwa mtima munali kakunyada: ndinkafuna kumudzi akamve kuti mwana wa uje wabwera pa ndege kudzaona mayi ake. Ndinagula tikiti, ndinalemba uthenga pafoni wakuti ndinyamuka Lachitatu, ndinautumiza kwa mlongo wanga, n'kupita kuntchito.

Ntchito yanga ndi ya padoko, yowerenga katundu wotuluka. Tsiku lililonse malole amanyamula feteleza ndi mafuta padoko la Beira kupita ku Zambia, ndipo ambiri a iwo amadzera ku Tete, kukwera msewu wa N9 mpaka pachipata cha Cassacatiza, kuwolokera ku Chanida, kenaka Katete. Msewu umenewu umadutsa m'boma lathu la Chifunde. Mphambano ya njira ya kumudzi kwathu ili m'mbali mwa msewu womwewo. Lolemba limenelo ndinasainira mapepala a dalaivala wina wa ku Katete amene tinazolowerana chifukwa cha chilankhulo. Nditamuuza za matenda, sanachedwe.

"Akulu, kwerani tipite. Ndikakutsitsani pamphambano penipeni. Lole ndi yochedwa, koma imayenda."

Ndinamuthokoza, ndinamuuza kuti ndagula kale tikiti ya ndege. Anagwedeza mutu, anakwera, analiza injini. Ndinaiona lole ija ikutuluka pageti, itafundidwa lona wobiriwira.

Foni sinandinamize. Makilomita 430 aja ndi oona, koma ndi oyezedwa ngati chingwe chimene munthu wakoka kuchokera pabwalo la ndege la ku Beira kukafika pabwalo la Chingozi ku Tete, chosakhota, chosadziwa phiri, dambo kapena mlatho. N'chifukwa chake ndi ochepa kuyerekeza ndi 600 a pamsewu. Ola limodzi lija nalonso ndi loona. Ndege zonyamula anthu zikafika m'mwamba zimathamanga makilomita 600 mpaka 800 pa ola, malinga ndi mtundu wake, ndiye mtunda umenewu ndi wa mphindi 35 kapena 45 basi. Mukaonjezerapo nthawi yoyenda pansi kupita ponyamukira, yokwera m'mwamba, yotsika ndi yokaima, likukwana ola. Chiwerengero chimayamba ndege ikasuntha pamene inaima, chimatha ikaima kwinako. Za tsiku limene ndegeyo inyamuke mulibemo. Za maola awiri ofikira pabwalo kukaonetsa tikiti ndi kupereka chikwama mulibemo. Za munthu amene kwawo si ku Tete mumzinda, amene akatsika ndege ulendo wake ndiye ukuyamba kumene, mulibemo n'komwe. Kuchoka ku Tete kukafika ku Cassacatiza ndi makilomita oposa 250. Mphambano yathu ili musanafike pachipatapo, ndipo kuchoka pamenepo pali makilomita ena ngati 30 a fumbi m'chilimwe, a matope m'dzinja, ndi mitsinje iwiri yopanda mlatho.

Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinabadwira komweko. Koma nambala yaing'ono, yoyera bwino pagalasi la foni, inandiphimba m'maso.

Amayi ulendo ankauwerenga ndi tulo. Nkhondo itafika kwathu m'zaka za m'ma 1980, anathawa nafe kulowera ku Zambia, ine ndili ndi zaka 5, mlongo wanga ali kumsana. Tinakathera ku Ukwimi, m'boma la Petauke nthawi imeneyo, kumene anthu ambiri othawa ku Mozambique anasungidwa, ndipo n'kumene ndinaphunzirira kuwerenga ndi kulemba Chinyanja. Tinabwerera kwathu mtendere wa mu 1992 utakhazikika. Amayi akamafotokoza ulendo wothawawo sankatchula mtunda. Ankati, tinagona koyamba m'mphepete mwa mtsinje, tinagona kachiwiri m'chisimba cha m'munda wa munthu, tulo tachitatu tinagona tsidya. Ndipo mpaka lero munthu wa kwathu ukamufunsa kuti ku Katete n'kutali bwanji, amayamba wakufunsa iweyo: mupita mwezi wanji, mupita pa chiyani, mvula yagwa liti? Njira imene anthu amadutsa mosavuta mu Ogasiti popita ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, mu Febuluwale imakhala njira ina. Mtunda ndi womwewo, koma ulendo si womwewo. Nzeru imeneyi ndinakula nayo, ndipo ndinaisiya pakhonde ku Beira Lamlungu lija.

Lachitatu ndinachoka kuntchito masana, ndinafika pabwalo nthawi yabwino, ndinadikira, tinakwera. M'chikwama munali shuga, sopo, chitenje chatsopano ndi mabotolo awiri a mankhwala opatsa chilakolako cha chakudya amene ndinagula kufamasi. Ndege inanyamuka pa nthawi yake. Pansi panali mitambo yokhayokha mpaka pamene tinayamba kutsika, pamenepo ndiye dziko linaoneka: Zambezi wofiirira atadzaza, mlatho wakale wa Samora Machel wolendewera pazingwe, mlatho watsopano wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014, maenje akuda a migodi ya malasha ku Moatize, ndi milambe itavala masamba. Matayala atagunda pansi ndinayang'ana wotchi. Ola linali lisanakwane bwinobwino. Ndinamva ngati ndafika kale, ngati ndikungoyenera kukhota pakona n'kuona denga la nyumba ya amayi.

Bwalo la Chingozi lili tsidya lomwelo la Zambezi kumene msewu wa kwathu umayambira, ndiye sindinachedwe kufika pokwerera mashapa, aja maminibasi athu. Dzuwa linali litapendeka. Pamalopo panali amayi ogulitsa chimanga chootcha ndi anyamata awiri atakhala patayala.

"Za ku Cassacatiza? Zimapita m'mawa, bambo. Yomaliza yachoka masana. Bwerani mawa kusanache."

Ndinayesa kufunsa galimoto yahayala. Mtengo umene ananena unali wofanana ndi wa tikiti ya ndege, ndipo ndalama zanga zinali zitapita kutikitiko. Ngakhale ndikanakhala nazo, mwini galimoto ananeneratu kuti iye usiku sayenda msewu umenewo chifukwa cha maenje, ndipo njira ya matope salowamo ngakhale masana. Malole nawonso anali ataima m'mbali mwa msewu, madalaivala akuphika. Ndinakagona kwa msuweni wanga ku Matundo. Usiku wonse ndinkaimba foni ya mlongo wanga, yosapezeka. Ndinadziuza kuti batire yatha. Chenicheni chinali chakuti sakanatha kuchoka pambali pa amayi kupita kuchulu.

Lachinayi, 5 koloko isanakwane, ndinali nditakhala kale mushapa, mpando wa pawindo. Shapa sinyamuka ndi wotchi, imanyamuka ikadzaza. Tinalimo anthu anayi. Kondakitala ankaitana, anthu ankabwera mmodzimmodzi, wina ndi matumba a mchere, wina ndi malata atatu oti amangidwe padenga. Kunja kutayera foni yanga inalira. Nambala inali ya mlongo wanga, koma mawu anali a atsibweni.

"Muli pati, mphwanga?"

"Ndili ku Tete, atsibweni. Ndakwera kale, tikungodikira idzaze."

Anapuma kaye. "Mlongo wanga, mayi anu, atisiya usiku, tambala woyamba asanalire."

Sindikumbukira chimene ndinayankha. Ndikukumbukira kuti mayi amene anakhala pambali panga anachotsa dengu lake pamiyendo yanga n'kuliika pa yake, osanena kanthu. Atsibweni anapitiriza modekha, monga mwinimbumba amene ali ndi zambiri zoti alongosole: "Adzukulu apita kale kumanda. Tikudikirani mpaka dzuwa lipendeke. Kupitirira apo sitingathe, kutenthaku mukukudziwa." Kumudzi kulibe nyumba yachisoni yoziziritsa mitembo. Maliro a m'dzinja sagona kawiri.

Tinanyamuka cha m'ma 8 koloko. Munthu amene ali ndi maliro kutsogolo amaona kuima kulikonse. Tinaima kuthira mafuta. Tinaima kumanganso malata amene anayamba kulira padenga. Ku Manje tinaima nthawi yaitali, ena akutsika, kondakitala akufuna ena oti alowe m'malo mwawo. Pamene phula linakumbika, dalaivala ankatsika nayo m'mbali, kuyenda ngati ngolo. Malole a ku Zambia ankatipitirira, ena tinkawapitirira, ndipo lililonse la lona wobiriwira ndinkaliyang'anitsitsa, ngakhale ndinkadziwa kuti mnzanga uja anadutsa pano kalekale. Tinadutsa pa Bene, pamene pamapatukira msewu wa ku Fingoè. Mtsinje wa Luia unali wodzaza. Palibe amene analakwa pa anthu onsewa. Aliyense ankagwira ntchito yake monga amagwirira tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse ulendowu umatenga maola 6 kapena kuposa. Ndinatsika pamphambano 2 koloko itadutsa.

Mnyamata wa njinga yamoto anandizindikira, anali atamva kale za maliro. Sanatsutse mtengo, anangomanga chikwama kumbuyo n'kuti, "Kwerani akulu, tiyese." Kumene tinali kunali dzuwa, koma kumapiri chakumpoto kunali bii, mphezi zikung'anima. Mtsinje woyamba tinawoloka tikukankha njinga, madzi ofika m'mawondo. Tinayenda m'matope, kugwa kamodzi, kudzuka. Tisanafike pamtsinje wachiwiri tinayamba kuumva. Mnyamata uja anazimitsa injini tili patali, n'kumvetsera.

Mtsinje umenewu m'chilimwe ndi mchenga wokhawokha, ana amakumbamo zitsime ndi manja. Tsiku limenelo unali utasefukira mpaka m'mabango, madzi ofiira, othamanga, atanyamula zipika, mapesi a chimanga chozulidwa m'madimba ndi nthambi zamasamba. Pamene tinaimapo sipanagwe dontho ndi limodzi lomwe. Mvula inagwa kumtunda, madzi n'kutipeza kuno.

"Pano ayi, akulu. Ngakhale mundipatse zingati. Awa amatenga ng'ombe."

Kumudzi kunatsala makilomita 6 okha. Ndinavula nsapato, ndinapinda buluku, ndinalowa mpaka m'ntchafu, madzi n'kundikankha ngati munthu wamphamvu. Bambo wina wa pamudzi wa pafupi anandigwira mkono n'kundikokera kumtunda. "Mukufuna tiike awiri?" anatero, mosakalipa. Ndinakhala pamwala.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, tsidya lina kunatulukira anthu. Anali a midzi ya tsidya lino amene anawoloka m'mawa madzi ali ochepa kupita kumaliro, tsopano akubwerera. Amayi anali ndi mabeseni opanda kanthu pamutu, abambo makasu paphewa. Anafika m'mphepete, anaima, anayang'ana madzi, kenaka anayang'ana ife. Gogo wina amene ankapemphera ndi amayi anandizindikira. Anatula beseni, anaika manja kukamwa n'kufuula, koma mkokomo wa madzi unameza mawu onse. Anafuulanso, osamveka. Pamenepo anawerama, anatambasula manja ake awiri, n'kuwagunditsa pansi pang'onopang'ono katatu, monga mmene munthu amasalazira dothi. Ndinamva. Anali ataika.

Tinakhala choncho mpaka mdima, iwo tsidya ilo, ife tsidya lino, tikuyang'anana. Bambo uja ananditengera kwawo. Febuluwale ndi mwezi wa njala, nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, koma mkazi wake anaphika nsima ndi nkhwani n'kundiikira madzi osamba m'manja. Ndinadya pang'ono kuti ndisawakhumudwitse. Usiku mkokomo unayamba kuchepa. M'mawa wa Lachisanu madzi anali m'chiuno, ndipo amuna awiri anandiwolotsa atandigwira uku ndi uku, chikwama chili pamutu pa mmodzi.

Ndinalowa m'mudzi cha m'ma 8 koloko. Amayi amene anagona pasiwa atandiona anayambanso kulira, mlongo wanga anadzigwetsa pamapazi anga. Atsibweni ananditenga, tinapita kumanda awiriwiri. Mtumbira unali wofiira, wonyowa, mapazi a adzukulu akuonekabe m'mbali. Anaima kumbuyo kwanga nthawi yonse imene ndinagwada pamenepo. Pobwerera sanandidzudzule. Anangofunsa kuti, "Munayenda bwanji?" Nditafotokoza za ndege, anati, "Oo," n'kupitiriza kuyenda. Palibe munthu m'mudzi monse amene anandinena, ndipo chimenecho chinandilemera koposa kukalipiridwa.

Masiku a maliro munthu amakhala pansi nthawi yaitali. Tsiku lina ndinatenga kapepala ka tikiti kaja n'kuwerengera kuseri kwake. Kuchokera pamene mlongo wanga anaimba Lamlungu 8 koloko usiku kufika pamene ndinaponda pakhomo Lachisanu 8 koloko m'mawa, anali maola 108. Mwa maola onsewo, limodzi lokha ndi limene ndinali m'mwamba. Ndikanakwera basi ya Lolemba, ndikanagona ku Tete usiku womwewo, ndikanakwera shapa Lachiwiri m'mawa, ndipo madzulo a Lachiwiri ndikanakhala pamphasa pambali pa amayi, pakuti mitsinje inali isanadzaze. Amenewo ndi maola ngati 45. Njira imene ndinaiyesa yaitali ndiyo inali yaifupi ndi masiku awiri ndi theka.

Inu amene muli kutali ndi kwanu, ku Maputo, ku Nampula, ku Joni, ndikudziwa kuti nanunso muli ndi nambala yanu imene mumadzitonthoza nayo. Ndege sindikuinyoza. Kuchoka ku Maputo kufika ku Tete ndi makilomita pafupifupi 1,100 m'mwamba, maola awiri, pamene pamsewu ndi oposa 1,500, ulendo wogona panjira. Pamenepo ndege ikakhala ya mawa imapulumutsadi. Wochokera ku Johannesburg nayenso amatera pa Chingozi patangopita maola ngati awiri. Koma onsewa akatsika amakumana ndi zimene ndinakumana nazo ine: shapa imene inapita m'mawa, N9, mphambano, matope, mtsinje. Mtunda ukafupika, monga wa Beira ndi Tete, phindu la ndege limachepa, ndipo ikakhala kuti si ya tsiku lomwelo limatheratu. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Basi imene yanyamuka Lolemba sipezedwa ndi ndege ya Lachitatu.

Ena amayang'ana mapu n'kuona kuti kwa ife a kumpoto kwa Chifunde, bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kufupi ndi Lilongwe, lili pafupi kuposa la ku Tete, ndipo la ku Chipata lili pafupi koposa. Pa chingwe chokoka chija, n'zoona. Koma wotera ku Lilongwe ayenera kupita ku Mchinji, kutuluka Malawi, kulowa Zambia pa Mwami, kudutsa Chipata ndi Katete, kutsikira ku Chanida, kutuluka Zambia, kulowa pa Cassacatiza. Ndi malire awiri, pasipoti yodindidwa kanayi, ndalama za mayiko atatu, galimoto zosinthasintha, ndipo chipata chikatsekedwa madzulo mumagona pomwepo. Tonse m'njira monsemo timalankhula chilankhulo chimodzi, ambiri ndife abale, koma zimenezo sizitsegula geti.

Masiku ano ndikamakonza ulendo wa kwathu ndimayambira pamtsinje wachiwiri uja n'kumawerenga chobwerera m'mbuyo. Ndimaimbira kaye kumudzi kufunsa ngati ukuwoloka. Ndiyenera kufikapo dzuwa likadali pamutu, ndiye pamphambano ndifike nthawi yakuti, ndiye ku Tete ndikwere shapa yoyamba, ndiye ku Tete ndigoneko dzulo lake. Ndikafika pamenepo m'pamene ndimafunsa chimene chingandifikitse ku Tete usiku umenewo, kaya ndi basi, kaya ndi lole, kaya ndi ndege. Ndipo kwa wodwala sinditchulanso maola. Ndimatchula tsiku, tsiku lake lochedwetsetsa, ndipo ndimaonetsetsa kuti amene ndamuuzayo wamva ndi khutu lake.

Chifukwa chake ndi ichi. Usiku woti mawa ndibwerera ku Beira, titameta kale, ndinakhala ndi mlongo wanga pamoto kukhitchini. Ana anali atagona. Ndinamufunsa za masiku otsiriza a amayi, ndipo anayamba wakana, akuti zapita. Nditaumirira anandiuza.

Uthenga wanga wa Lolemba, wonena kuti ndinyamuka Lachitatu, sunamupeze. Foni inali m'nyumba, kopanda netiweki, ndipo iye sanakwerenso chulu mpaka Lachiwiri madzulo. Masiku awiri onsewo chimene ankadziwa m'nyumbamo ndi chimene ndinanena Lamlungu. Atawauza amayi kuti akuti pa ndege ndi ola limodzi, amayi anafunsa kuti ola ndi lotalika bwanji. Iye anawayankha kuti ndi ngati kuchoka pano kukafika kuchigayo. Amayi anati, "Basi ali pafupi."

Lolemba m'mawa anapempha kuti awasambitse. Anasankha okha chitenje, chija chabuluu chimene ndinawagulira chaka chapitacho. Anati awasunthire mphasa pafupi ndi khomo kuti aziona njira. Njinga yamoto ikamveka patali ankadzutsa mutu. Madzulo anawabwezera mkati. Lachiwiri anapemphanso kuti awaike pakhomo, anamwa phala masupuni angapo, akuti kuti mwana asawapeze ofooka. Dzuwa likulowa anamuitana mlongo wanga n'kumufunsa, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akuopa kuti mwina sanamvetse: "Kodi ola limodzi lija silinakwanebe?"

Ndi funso limenelo limene linamukweza pachulu madzulo amenewo, n'kupeza uthenga wanga. Atabwerera anawauza kuti ndinyamuka mawa. Amayi anati, "Chabwino," n'kutembenukira kukhoma. Lachitatu sanalankhulenso.

Mlongo wanga atamaliza anasonkhezera moto, anaimirira n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi kathumba ka pulasitiki komanga ndi luzi, n'kundiika pamiyendo. Munali mtedza wosenda, wotsala pa mbewu.

"Anandiuza Lolemba kuti ndisende. Akuti musadzabwerere chimanjamanja."

M'mawa mnyamata wa njinga uja anabwera kudzanditenga. Mitsinje yonse iwiri inali m'akakolo. Pamphambano ndinaimika lole yochokera ku Zambia yopita kudoko, dalaivala anavomera, ndinakwera, kathumba kaja ndili nako m'manja. Tinagona kawiri panjira.